Mankhwala a khansa olunjika pa chandamale: zimene ma antibody amatha ndi pamene amalephera

Kwa zaka zambiri odwala khansa akhala akuthandizidwa m'njira zitatu: opaleshoni, kuwotcha chotupa ndi makina a radiotherapy, ndi mankhwala amene ambiri amangowatchula kuti kemo. Kemo imapha maselo amene akugawikana mofulumira. Tsoka lake, si maselo a khansa okha amene amatero. Maselo omeretsa tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a m'mafupa amene amapanga magazi nawonso amagawikana mofulumira. N'chifukwa chake munthu wolandira kemo tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, magazi n'kuchepa.

Funso limene asayansi akhala nalo kwa zaka zoposa 100 ndi lakuti: kodi pangakhale mankhwala otha kuzindikira selo la khansa n'kusiya selo labwino? Limodzi mwa mayankho ake lachokera ku chitetezo cha m'thupi momwemo, ku mapuloteni otchedwa ma antibody. Lero ena mwa mankhwala a khansa amphamvu kwambiri, komanso okwera mtengo kwambiri, ndi a mtundu umenewu. Koma mphamvu yawo yonse yagona pa chinthu chimodzi: chotupa cha wodwalayo chikhale ndi chizindikiro chimene mankhwalawo akufunafuna, ndipo pakhale labotale yotha kutsimikiza kuti chilipodi.

Antibody n'chiyani?

Antibody ndi puloteni imene imapangidwa ndi gulu la asilikali a m'thupi lotchedwa maselo a B. Maonekedwe ake ali ngati mphanda ya legeni. Nsonga ziwiri za mphandayo zimagwira chinthu chimodzi chokha chimene zinapangidwira, kaya ndi kachigawo ka kachilombo kaya ndi puloteni ya pakhungu la selo. Chogwirira chake cha m'munsi chili ndi ntchito ina: chimaitana asilikali ena kuti abwere adzawononge chimene chagwidwacho.

Ambiri tinaziona kale zimenezi zikugwira ntchito. Kachipangizo koyezera HIV kamafufuza ma antibody amene thupi lapanga polimbana ndi kachilomboko. Koyezera malungo ndi koyezera mimba kali ndi ma antibody opangidwa m'fakitale amene anawapaka pa kapepala, ndipo mzere umene umaoneka uja ndi umboni woti agwira chimene amafuna.

Thupi likakumana ndi kachilombo limapanga ma antibody amitundumitundu osakanikirana. Mankhwala amafuna mtundu umodzi wokha, wofanana ndendende m'botolo lililonse. Ma antibody otere, ochokera ku selo limodzi, amatchedwa monoclonal, ndipo mayina a ambiri mwa mankhwalawa amathera ndi -mab.

Kumene zinachokera

Mu 1890 Emil von Behring ndi Kitasato Shibasaburo anaonetsa ku Berlin kuti madzi a m'magazi a nyama imene yapirira poizoni wa kafumbata amatha kuteteza nyama ina. Wasayansi wina wa ku Germany, Paul Ehrlich, analota za mankhwala onga chipolopolo chopita chokha kumene kuli matenda. Maloto amenewa anakhala m'mabuku zaka pafupifupi 70 chifukwa panalibe njira yopangira antibody ya mtundu umodzi yochuluka.

Njirayo anaipeza Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975. Selo la B la mbewa limapanga antibody yofunikayo koma limafa msanga likakhala kunja kwa thupi. Selo la khansa ya myeloma silisiya kugawikana. Iwo anaphatikiza awiriwa n'kupeza selo limene silifa msanga komanso limatulutsa antibody imodzimodziyo mosalekeza. Analandira mphoto ya Nobel mu 1984.

Chimwemwe sichinachedwe kuzirala. Thupi la munthu linkaona antibody ya mbewa ngati mdani n'kuyamba kulimbana nayo, moti jakisoni wachiwiri ndi wachitatu ankachepa mphamvu kapena kudwalitsa. Greg Winter, nayenso wa ku Cambridge, anakonza vutoli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 potenga tinsonga togwirira ta antibody ya mbewa n'kutiika pa antibody ya munthu. Ofufuza ena anapeza njira zopangira ma antibody a munthu enieni. Lero ambiri amapangidwa ndi maselo a kanyama kotchedwa hamster amene amaleredwa m'matanki akuluakulu azitsulo. Antibody yoyamba ya khansa kuvomerezedwa ku America inali rituximab, mu 1997, ndipo trastuzumab inatsatira mu 1998.

HER2: chitsanzo chimene chinatsegula njira

Pakhungu la selo pamakhala mapuloteni olandira uthenga wochokera kunja. Imodzi mwa iwo, HER2, imauza selo kuti likule n'kugawikana. Selo labwino limakhala ndi makope awiri a jini yopanga HER2. M'zotupa zina za m'mawere jini imeneyi imachulukana mopyola muyeso, ndipo selo limene linayenera kukhala ndi mapuloteni a HER2 okwana masauzande angapo limakhala nawo oposa 1 miliyoni. Selo lotere limamva uthenga woti ligawikane usana ndi usiku.

Mu 1987 Dennis Slamon wa ku Los Angeles ndi anzake, kuphatikizapo Axel Ullrich wa kampani ya Genentech, anaonetsa kuti amayi amene zotupa zawo zili ndi HER2 yochuluka khansa yawo imabwerera msanga ndipo amafa msanga. Amayi oterewa ndi pafupifupi 15 mpaka 20 pa 100 alionse odwala khansa ya m'mawere. Trastuzumab, imene imagulitsidwa m'dzina la Herceptin, imamatirira pa HER2, imachepetsa uthenga woti selo ligawikane, ndipo imaitana asilikali otchedwa NK kuti aphe selolo. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2005 anaonetsa kuti kuiphatikiza ndi kemo pambuyo pa opaleshoni kumachepetsa ndi pafupifupi theka chiopsezo choti khansayo ibwerere. Mtundu wa khansa umene unali woopsa kwambiri unasanduka umodzi mwa mitundu yothandizika bwino.

Phunziro lalikulu la nkhaniyi lili pa kasankhidwe ka odwala. Kafukufuku wa trastuzumab analandira amayi okhawo amene zotupa zawo zinayezedwa n'kupezeka ndi HER2 yochuluka. Akanati apereke kwa aliyense, phindu la ochepawo likanabisika pakati pa ambiri amene mankhwalawa sawathandiza, ndipo mwina akanatayidwa ngati opanda ntchito.

Kuyezako kumachitika motere. Kachidutswa ka chotupa kamaikidwa mu formalin, kenako kamadulidwa mopyapyala kwambiri n'kuikidwa pa kagalasi. Amathirapo antibody yomatirira pa HER2 ndi utoto umene umasanduka wabulauni pamene yamatirira. Dokotala woona zotupa pa maikulosikopu amapereka 0, 1+, 2+ kapena 3+ potengera kuderako. Zotsatira za 3+ ndiye kuti HER2 ndi yochuluka. Za 2+ n'zokayikitsa, ndipo pamafunika kuyeza kwina kowerenga makope a jini. Malangizo amati kachidutswako kalowe mu formalin pasanathe ola limodzi chichotsedwereni m'thupi, ndipo kakhalemo maola 6 mpaka 72. Kakagonera patebulo, kapena kakatha milungu m'botolo kudikira galimoto yopita ku chipatala chachikulu, puloteniyo imawonongeka. Zikatero mayi amene akanapindula amauzidwa kuti chotupa chake chilibe HER2.

Chandamale sichikhala pa khansa pokha

Anthu ambiri amaganiza kuti mankhwalawa amagwira chizindikiro chimene chili pa khansa pokha. Zoterozo n'zosowa. Rituximab imamatirira pa CD20, puloteni imene ili pa maselo a B a khansa ya lymphoma, ija imayamba ndi kutupa kwa mwanabere, komanso pa maselo a B abwinobwino. Imasesa onse. Chimene chimapulumutsa wodwala n'chakuti maselo a m'mafupa amene amabala maselo a B alibe CD20, moti pakapita miyezi ingapo atsopano amabadwanso. Kafukufuku wa ku France amene anasindikizidwa mu 2002 anaonetsa kuti kuwonjezera rituximab pa kemo yotchedwa CHOP kumathandiza okalamba odwala lymphoma yofulumira kukhala ndi moyo nthawi yaitali, ndipo kuyambira pamenepo R-CHOP inakhala chithandizo chodziwika.

HER2 nayonso imapezeka pa maselo a mtima. Motero trastuzumab imatha kufooketsa mtima, makamaka ikaperekedwa pamodzi ndi doxorubicin, kemo yofiira ija. N'chifukwa chake wodwala amajambulidwa mtima asanayambe, komanso pakapita miyezi ingapo iliyonse.

Ngakhale chandamale chikhalepo, zimachitika kuti kuchigwira sikuthandiza. Cetuximab, imene inavomerezedwa mu 2004 pa khansa ya m'matumbo akulu, imatseka puloteni yolandira uthenga yotchedwa EGFR. Uthenga wa EGFR umadutsa pa puloteni ina ya m'kati mwa selo, KRAS. Pafupifupi zotupa 40 pa 100 zilizonse za khansa imeneyi zili ndi KRAS yosinthika imene imangotumiza yokha uthenga popanda kudikira EGFR. Pa zotupa zotere cetuximab siithandiza, wodwala amangotsala ndi zidzolo. Izi zinadziwika bwino cha m'ma 2008, mankhwalawa ataperekedwa kale kwa anthu ambiri osayezedwa.

Ma antibody onyamula poizoni

Njira ina ndiyo kumangirira poizoni woopsa pa antibody. Poizoni wake amakhala wamphamvu kwambiri moti sangaperekedwe payekha. Antibody ikamatirira, selo limaimeza pamodzi ndi katundu wakeyo, ndipo poizoni amamasukira m'kati. Chovuta kwambiri pano ndi chomangira chake. Chikakhala chofooka, poizoni amatayikira m'magazi asanafike. Chikalimbitsitsa, samasuka konse. Mankhwala oyamba a mtunduwu, gemtuzumab ozogamicin a khansa ya m'magazi, anavomerezedwa mu 2000, anachotsedwa pa msika wa ku America mu 2010 chifukwa cha kuopsa kwake, n'kubwereranso mu 2017 pa mlingo wocheperako.

Trastuzumab deruxtecan, yopangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Daiichi Sankyo, inasintha kaganizidwe. Poizoni wake akamasuka amatha kutuluka m'selo lomwe lagwidwalo n'kupha oyandikana nalo, ngakhale amene alibe HER2. Mu 2022 kafukufuku anaonetsa kuti imathandiza amayi amene khansa yawo yafalikira ndipo zotupa zawo zili ndi HER2 yochepa chabe, a 1+ ndi ena a 2+, amene kale ankaikidwa m'gulu la osathandizika ndi trastuzumab. Apa pabuka mtsutso. Njira yoyezera ija inapangidwa kuti izisiyanitsa 3+ ndi zina zonse, osati 0 ndi 1+, ndipo madokotala awiri oona kagalasi kamodzi amasiyana kawirikawiri pamenepa. Ena amafika pofunsa ngati mankhwala otere ndi olunjikadi, kapena ndi kemo imene ikungoyenda pang'onopang'ono m'thupi. Funsoli si lachibwana, pakuti odwala amachita nseru, tsitsi limathothoka, ndipo ena mapapo awo amatupa moopsa.

Kumasula asilikali a m'thupi

Gulu la ma antibody limene lamveka kwambiri silikhudza n'komwe selo la khansa mwachindunji. Maselo a T, amene amatha kupha maselo owonongeka, ali ndi mapuloteni owaletsa kuti asapitirire malire n'kuwononga thupi lawo lomwe. Zotupa zambiri zimapezerapo mwayi pa zoletsa zimenezi. Tasuku Honjo wa ku Kyoto anapeza chimodzi mwa zoletsazi, PD-1, mu 1992, ndipo James Allison wa ku America anaonetsa kuti kutseka china, CTLA-4, ndi antibody kumachititsa zotupa za mbewa kufota. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 2018. Ipilimumab, yotseka CTLA-4, inavomerezedwa mu 2011, pembrolizumab ndi nivolumab, zotseka PD-1, mu 2014.

Pa khansa ya pakhungu ya melanoma imene yafalikira, kale odwala ambiri sankatha chaka. Lero alipo ambiri amene apyola zaka 10. Zotupa zimene zalephera kukonza zolakwika za mu DNA yake, zimene zimakhala ndi mapuloteni achilendo ochuluka, zimagonja kwambiri kwa mankhwalawa, moti mu 2017 pembrolizumab inaloledwa pa zotupa zotere posatengera chiwalo chimene zayambira.

Komabe pa mitundu yambiri ya khansa amene amapindula ndi ochepa poyerekeza ndi amene sapindula, ndipo njira yodziwiratu sinapezeke yodalirika. Kuyeza PD-L1, puloteni imene imagwira PD-1, pa chotupa kumathandiza pang'ono chabe: ena amene ali nayo yambiri sapindula, ena amene alibe amapindula. Asilikali omasulidwawo amathanso kuukira matumbo, chiwindi, mapapo kapena chithokomiro, ndipo ena amayamba matenda a shuga amene sadzatha. Kutsegula m'mimba kwa munthu wolandira mankhwalawa si kwa masewera. Kumafuna dokotala wodziwa kuti gwero lake n'chitetezo cha m'thupi, osati chakudya.

Palinso ma antibody a manja awiri osiyana, monga blinatumomab ya mu 2014, imene dzanja lina imagwira CD19 pa selo la khansa ya m'magazi, linalo n'kugwira selo la T, n'kuwakumanitsa. Kuopsa kodzutsa maselo a T mopitirira kunaoneka ku London mu 2006, pamene anthu 6 athanzi amene anadzipereka kuyesa antibody yotchedwa TGN1412 anathera m'chipinda cha odwala mwakayakaya pasanathe tsiku.

Malire odziwika

Antibody ndi yaikulu, yolemera kuposa aspirin pafupifupi ka 800. Siingamwedwe chifukwa m'mimba ingagayidwe ngati nyama, choncho imaperekedwa pa diripi kapena jakisoni. Siilowa yokha m'kati mwa selo, kumene kuli mapuloteni ambiri oyambitsa khansa monga KRAS. Imavutika kufika pakati pa chotupa chachikulu ndi mu ubongo, ndipo kagawo kamene kamafika pa chotupa n'kochepa kwambiri pa zonse zimene zalowa m'thupi. Ubwino wake ndi woti imakhalitsa m'magazi, n'chifukwa chake yambiri imaperekedwa kamodzi pa milungu iwiri kapena itatu. Khansa nayo siikhala chete: maselo ochepa amene ataya chandamale ndiwo amapulumuka, n'kuchulukana.

Pamene akatswiri sagwirizana

Mtsutso woyamba ndi wa chimene tiyenera kuchitcha phindu. Bevacizumab imatseka VEGF, puloteni imene chotupa chimagwiritsa ntchito pomeretsa mitsempha ya magazi yochidyetsa. Ku America inaloledwa pa khansa ya m'mawere mu 2008 chifukwa inkachedwetsa kukula kwa chotupa. Mu 2011 chilolezocho chinachotsedwa zitaoneka kuti amayiwo sankakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa anzawo, chonsecho ankavutika ndi kuthamanga kwa magazi ndi kutaya magazi. Ku Ulaya chilolezo chinapitirira. Umboni unali umodzimodzi, koma kaonedwe kake kanasiyana. Mpaka lero mankhwala ambiri amalowa pa msika pa umboni woti achedwetsa chotupa, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa ngati awonjezera masiku a moyo.

Wachiwiri ndi wa mlingo ndi kutalika kwa chithandizo. Chaka chimodzi chimene trastuzumab imaperekedwa sichinasankhidwe chifukwa choti panali umboni woti n'chabwino kuposa miyezi yochepa. Ndi mmene kafukufuku woyamba anakonzedwera. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa PERSEPHONE, wa mu 2019, anapeza kuti pakatha zaka 4 amayi amene analandira miyezi 6 anali bwino pafupifupi mofanana ndi a miyezi 12, ndipo mavuto a mtima anali ochepa. Wa ku France wotchedwa PHARE sanathe kutsimikiza zimenezi mokwanira. Mayiko olemera ambiri akadali pa miyezi 12. Koma kwa unduna wa zaumoyo umene ndalama zake zingathandize mayi mmodzi kwa chaka kapena awiri kwa theka la chaka, yankho silivuta kwenikweni.

Chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai chinapita patsogolo. Chinapereka nivolumab ya mamiligalamu 20 okha pa milungu itatu iliyonse, pamene mlingo wanthawi zonse umapitirira 200, kwa odwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, pamodzi ndi mapiritsi a kemo otsika mtengo. Amene analandira nivolumab anakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa amene analandira mapiritsi okha. Kafukufukuyu sanayerekeze mlingo wochepa ndi wathunthu, choncho sitinganene kuti n'zofanana. Sitingayembekezenso kuti kampani yogulitsa mankhwala ifulumire kulipira kafukufuku woonetsa kuti theka la botolo n'lokwanira.

Mtengo, ndi mayiko ngati Malawi

Mankhwala opangidwa ndi maselo amoyo sangakopedwe ndendende monga mmene amachitira ndi panado. Umwini wa kampani yoyamba ukatha, makampani ena amapanga ofanana nawo kwambiri, otchedwa biosimilar, amene ayenera kuonetsa kuti amagwira ntchito chimodzimodzi. Bungwe la WHO linaika trastuzumab ndi rituximab pa mndandanda wa mankhwala ofunika mu 2015. Mu December 2019 linavomereza biosimilar yoyamba ya trastuzumab, yochokera ku South Korea, ndipo linati yoyambirira ija inkagulidwa pafupifupi madola 20,000 pa wodwala mmodzi pamene biosimilar imatsika ndi pafupifupi 65 pa 100.

Malawi ali ndi umboni wakewake pa nkhaniyi. Pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ofufuza a UNC Project anapereka biosimilar ya rituximab pamodzi ndi CHOP kwa odwala lymphoma 37, ambiri mwa iwo ali ndi HIV, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2021. Zinaonetsa kuti chithandizochi n'chotheka kuno popanda ngozi yopitirira. Panalibe gulu lina loyerekezera nalo, choncho kukula kwa phindu lake sikunayezedwe mwachindunji. Ntchitoyi ndi yofunika chifukwa kafukufuku wambiri wa kunja wa mankhwala atsopano a khansa ankasiya anthu amene ali ndi HIV, pamene kuno HIV ndi yofala pakati pa odwala lymphoma, Kaposi sarcoma ndi khansa ya khomo la chiberekero. Pembrolizumab ndi yovomerezeka kunja pa khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kummero, ziwiri mwa zimene zimapha Amalawi ambiri, koma mtengo wake ukadali kutali. Pa ya khomo la chiberekero, ma antibody otsika mtengo ndi amene thupi la mtsikana limapanga lokha akalandira katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019.

Mtengo wa botolo ndi gawo chabe la ndalama zofunika. Mabotolowa amasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo magetsi akathima usiku wonse popanda jenereta katundu wa mamiliyoni amatha kuwonongeka. Diripi yoyamba ya rituximab imayendetsedwa pang'onopang'ono kwa maola angapo, namwino ali pafupi, chifukwa ambiri amanjenjemera, kutentha thupi kapena kubanika. Wodwala asanailandire ayenera kuyezedwa matenda a chiwindi a hepatitis B, amene ndi ofala kum'mwera kwa Sahara. Maselo a B akaseseka, kachilombo kamene kanagona m'chiwindi kamatha kudzuka n'kuchiwononga mpaka kupha. Wopezeka nako amapatsidwa tenofovir kapena entecavir asanayambe, ndipo amapitiriza kumwa kwa miyezi yambiri rituximab itatha.